Kalata kwa mwana wanga asananyamuke ulendo wa m'mbali mwa nyanja

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko, iwe, apongozi anga ndi adzukulu anga awiriwo. Ife kuno tadzuka, kupatula mwendo wa mayi ako umene ukuwavutabe madzulo. Chizimalupsa chagwa kale, tikungodikira mvula yobzalira.

Nkhani ya ulendo wako sindinaimve kwa iwe. Ndaimva kwa mlongo wako, amene anabwera Lamulungu ndi foni yake n'kutionetsa zithunzi za galimoto imene wakonza zobwereka pa tchuthi cha Disembala, ija muli bedi, tebulo, sitovu ya gasi ndi firiji, imene akuti campervan. Akuti mukufuna kunyamuka ku Cape Town, kutsata msewu wa N2 mpaka ku Durban, mukuima m'matauni a m'mbali mwa nyanja ndi kuchezera anzako amene anamwazikana m'njira monsemo. Mayi ako anakondwera ndi makatani ndi kabedi ka ana, mpaka anaitana a nyumba yoyandikana nafe kuti adzaone nyumba yoyenda ndi matayala. Ine ndinapempha kuti andikulitsire chithunzi cha m'kati, ndipo maso anga anakakamira pa firiji ija, imene ili kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa dalaivala. Ukudziwa chifukwa chake, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chomwecho sunandiuze wekha.

Usaganize kuti ndalemba pofuna kukuletsa. Ndiwe munthu wamkulu, wa pabanja pako, ndalamazo wazikhetsera thukuta wekha, ndipo mwamuna amene amaganiza zotenga mkazi wake ndi ana kukaona dziko, m'malo mothera tchuthi chonse m'mabawa, ndi woyenera kumuyamikira. Msewu umenewo ine ndinauyenda pa ntchito, nditasenza katundu wa eni ake, ndipo zimene ndinkaona ndi phula, magetsi a galimoto ya patsogolo ndi wotchi basi. Nyanja ndinkangoiona ikunyezimira kumbali, osapeza mpata woima ngakhale wosambitsa mapazi. Kunena zoona ndikukusirira. Ndakumbukanso mmene unkalirira uli wamng'ono kuti ugone pa kabedi ka kumbuyo kwa mipando ya thiraki ndikaiimika pabwalo, mpaka mayi ako ankachita kukunyamula uli m'tulo kukulowetsa m'nyumba, utafumbata makiyi amene sunkafuna kubweza. Mtima wofuna kugona m'galimoto sunakuyambe lero, ndipo ndikudziwa kumene unautenga.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi mowa, ndipo ndikuutchula poyera chifukwa pakati pa iwe ndi ine palibe chozungulirira. Mlongo wako anatiwerengera malo amene mukaime. Ku Hermanus kuli mnzako, ku George kuli mnzako, ku Gqeberha, kumene ife tinkati ku Port Elizabeth asanasinthe dzina mu 2021, kuli mnzako, ku East London chimodzimodzi, ndipo ku Durban ndiye akukudikira ambiri. Onsewo ndi ana a kwathu amene mwatha nthawi yaitali osaonana, ndipo ndikudziwa mmene munthu wa ku Malawi amalandirira mnzake kuchilendo. Adzagula nyama, adzasonkha moto wowotcherapo nyama, umene amati braai, azimayi adzaphika nsima, mwina adzatulutsanso usipa umene unabwera pa basi n'kusungidwa kudikira mlendo wolemekezeka, ndipo pambali padzakhala bokosi la ayezi lodzaza mabotolo. M'mitima mwawo mulibe choipa. Koma taganiza bwino, mwana wanga: aliyense wa iwo adzamwa nawe usiku umodzi wokha, m'mawa mwake adzakutsanzika pa geti atavala masilipasi, n'kubwerera kukagona mpaka dzuwa litafika paliwombo. Iwe udzamwa ndi woyamba, udzamwa ndi wachiwiri, mpaka wotsiriza, ndipo m'mawa uliwonse wotsatira ndiwe amene udzakhale pa chiwongolero, mkazi wako ali pambali, ana ali kumbuyo, pa msewu wa makilomita opitirira 1,600 umene sunauyendetsepo galimoto ya msinkhu umenewo. Kwa anzakowo ndi chisangalalo cha tsiku limodzi pa chaka, pamene kwa iwe chingathe kusanduka matsire a ulendo wonse.

Anyamata ambiri amaganiza kuti kuyendetsa galimoto utaledzera ndi kuja kotuluka m'bawa ukudzandira n'kukakhala pa chiwongolero. Zimenezo ndikukhulupirira kuti sungachite uli ndi ana. Chimene chinamaliza madalaivala ambiri amene ndinkawadziwa ndi m'mawa wotsatira, pamene munthu wagona, wasamba, wavala zoyera ndipo akudziona kuti ali bwinobwino. Chiwindi sachifulumizitsa. Botolo limodzi laling'ono chimatenga nthawi yopitirira ola kuti chilichotse m'magazi, ndiye ngati wamwa mabotolo asanu ndi atatu n'kukagona 1 koloko ya usiku, pofika 6 koloko m'mawa mowa ukadalimo m'thupi, ngakhale usambe madzi ozizira, umwe khofi wowawa ndi kutafuna chingamu. Lamulo la ku South Africa kumeneko limati mowa m'magazi a woyendetsa galimoto usafike 0.05 galamu pa mamililita 100 alionse, ndipo kwa ife oyendetsa za ntchito malire anali 0.02, kutanthauza kuti sitinkayenera kuulawa n'komwe. Mabotolo awiri okha angathe kukufikitsa pa 0.05. M'nyengo ya Khirisimasi apolisi amatchinga misewu atanyamula kachipangizo kopumiramo kaja, ndipo sasankha ola, chifukwa nawonso amadziwa za matsire. Chaka ndi chaka boma la dzikolo limalengeza anthu opitirira 1,000 amene afera pa misewu m'masabata ochepa a zikondwererowo, ndipo ambiri mwa iwo sanalawe kanthu, anangonyamulidwa kapena kugundidwa ndi amene analawa.

Tsopano ndinene za wa ku George uja. Dzina sindimutchula, chifukwa kalata imadutsa m'manja ambiri, komanso makolo ake timapemphera nawo mpingo umodzi. Sindidana naye. Anakulira pakhomo pano, ankadya mbale imodzi ndi iwe, ndipo tsiku limene anadwala malungo ali kuno ndine ndinamubereka kupita naye kuchipatala. Koma iweyo ukakhala naye umasanduka munthu wina amene ine sindimudziwa. Za pa ukwati wa mlongo wako sindinaziiwale, ngakhale tinagwirizana kuti tisamakumbutsane. Mayi ako anachapa okha shati lamagazi lija pakati pa usiku kuti akuchimuna asalione, ine ndinakagwada kwa mwini mpanda m'mawa anthu asanadzuke, ndipo amene anakuponyera makiyi tsiku lija, uku akuseka, anali yemweyo. Mwina anasintha, pakuti anthu amasintha, ndipo iwenso unasintha, chimene ndimayamika nacho Mulungu tsiku lililonse. Koma mnyamata amene uja sakakamiza munthu ndi ukali, amakakamiza ndi nthabwala. Adzakuseka kuti akazi ako anakudyetsa mankhwala, kuti wakalamba msanga, kuti kuyambira pamene unayamba kugwira ndalama unayamba kunyada, ndipo adzazinena pagulu, podziwa kuti chimene iwe sutha kupirira ndi kusekedwa anthu akumva. Zimenezo unatengera agogo ako aamuna, amene ankatha kugulitsa mbuzi chifukwa choti wina wawatcha aumbombo.

Sindikuti usakamuone. Kamuone, umupatse moni wanga, adzukulu anga amudziwe. Koma ukamuone masana, ndipo galimoto ukaigonetse kwina. Ukangotuluka mu George kulowera kum'mawa, N2 imatsika mokhotakhota kupita ku mtsinje wa Kaaimans isanafike ku Wilderness, ndipo makona amenewo ndi amodzi mwa malo amene ife a mathiraki tinkawaopa pa msewu wonsewo, makamaka phula likanyowa. Ku Wilderness komweko kuli malo a boma ogonapo a Ebb and Flow, m'mbali mwa mtsinje, kumene galimoto ngati yakoyo imaloledwa kuima usiku. Kafikeni kumeneko dzuwa lisanalowe, ndipo ngati mnzakoyo akufuna kucheza mpaka usiku, abwere iye. Ngati zitakukanika n'kumwa naye, ndiye kuti tsiku lotsatira galimotoyo isasunthe ngakhale pang'ono, ana akasewere kumtsinje tsiku lonse, makiyi akhale m'chikwama cha mayi awo. Kutaya tsiku limodzi la ulendo si nkhani.

Uzindikirenso kuti galimoto imeneyo si kagalimoto kako kopitira kuntchito kaja. Laisensi ya Code B imakulola kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500, ndiye kumbali ya mapepala palibe vuto, koma manja ako sanaizolowere. Ndi yaitali kupita m'mwamba, yanyamula thanki ya madzi, botolo la gasi, zogona ndi katundu wanu yense, ndiye ukaponda mabuleki imapitirira kaye isanaime, ndipo pakona imapendekeka ngati ikufuna kukagona. Tsiku loyamba lomwe, ukangodutsa Somerset West, udzakwera Sir Lowry's Pass, ndipo Disembala ndi nyengo ya mphepo yoopsa ija yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene iwe ukuidziwa bwino chifukwa imakugwetserani zinthu ku Cape Town. M'kagalimoto kakang'ono mphepoyo umangoimva kulira, koma m'galimoto ya makoma aatali imakukankha zenizeni, ndipo ine ndinaonapo mathiraki opanda katundu atagona chammbali, madalaivala ake osalakwitsa chilichonse. Potsika chitunda uzilowetsa giya yaing'ono kuti injini ikugwirire, osangokanikiza mabuleki mtsetse wonse, chifukwa akatentha amayamba kununkha ngati chopserera kenako amasiya kugwira. Ana akhale pa mipando atamangidwa malamba nthawi yonse imene galimoto ikuyenda, ngakhale alirire bedi motani, ndipo wamng'onoyo, poti sanakwanitse zaka 3, lamulo likuti akhale mu kampando kake ka ana. Mapoto, mipeni ndi mabotolo zitsekeredwe m'makabati, chifukwa ukaima mwadzidzidzi chilichonse chosamangidwa chimauluka kulowera kutsogolo kumene kuli mitu yanu. Zonsezi n'zosavuta kwa munthu wa mutu wopepuka amene wagona tulo tokwanira. Kwa munthu wa matsire, phazi limachedwa pang'ono pokha kufika pa buleki, ndipo pang'ono pomwepo ndi pamene pamasiyanitsa woima ndi wolowa kuphompho.

Ukumukumbukira mnzanga uja wa ku Ntcheu, amene ankakubweretsera mabisiketi a m'chitini akamachokera ku Joni. Munthu amene uja sankamwa pa msewu, ndipo ankatidzudzula ife tonse tikangoyandikira bawa tili ndi katundu. Anangopita kukaona mwana wa mchemwali wake amene anabadwira ku Johannesburg, abale anakondwa, anamuthirira, iye anachita manyazi kukana, ndipo m'bandakucha ananyamuka kulowera ku Durban monga mwa ntchito. Pa Van Reenen's Pass anasinza. Ndine ndinaperekeza thupi lake kubwera nalo kumudzi, bokosi lili mu ngolo yokokedwa kumbuyo kwa minibasi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, ndipo pa chipata chilichonse ndinkatsika ndi mapepala a maliro m'manja kukafola pa mzere umodzi ndi anthu onyamula mabulangete ndi mapoto a malonda, dzuwa likuswa mtengo, akazi ake ali chete pa mpando wakutsogolo. Amene anamuthirira mowa uja analira kwambiri pa maliro, ndipo kulira kwawo kunali koona. Mwana wanga, ndakalamba, miyendo iyi singathenso kukaima pa Mwanza kudikira minibasi yokoka ngolo.

Koma ndisakudetse mtima ngati kuti kumene ukupitako kuli imfa yokhayokha. Dziko limenelo ndi lokongola, ndipo ndikufuna kuti adzukulu anga akalione bwino. Ku Hermanus anthu amapitira anangumi amene amafika pafupi ndi gombe, koma nyengo yawo ndi kuyambira cha m'ma Juni mpaka Novembala, ndiye usawalonjeze ana, chifukwa pofika Disembala ambiri amakhala atabwerera kunyanja yakuya. Mbalame zosauluka zija zotchedwa penguin ndiye mungakazione ku Stony Point ku Betty's Bay, ngati mutadzera msewu wa R44 wochokera ku Gordon's Bay, umene uli wopapatiza, phiri mbali ina nyanja mbali ina, wofuna dalaivala wodekha. Pafupi ndi Hermanus pali chigwa cha minda ya mphesa chotchedwa Hemel-en-Aarde, kumene alendo amalawitsidwa vinyo m'timatambula ting'onoting'ono, ndipo ndikudziwa kuti mnzako wa kumeneko adzafuna kukuonetsa. Timatambula timeneto tikaphatikizana ndi mowa basi, ndipo kachipangizo ka apolisi sikafunsa ngati unamwera m'bawa kapena pa munda wa azungu. Mukapeza nthawi mupatuke kudzera ku Bredasdorp mukafike ku Cape Agulhas, kumene dziko lonse la Africa limathera kum'mwera, pamene anaika chizindikiro chosonyeza kuti nyanja ya Atlantic ndi ya Indian zakumanirana pamenepo, pafupi ndi nsanja younikira sitima imene inayamba kugwira ntchito mu 1849. Wamkuluyo ali pasukulu, aimirire pamenepo umujambule, adzakaonetse aphunzitsi ake. Ku Mossel Bay ndi kumene Bartolomeu Dias anakocheza mu 1488, ndipo kuli nyumba yosungiramo zakale imene muli sitima yopangidwa mofanizira yake. Ana akaone kuchepa kwake, adzadabwa kuti anthu ankalimba mtima kuwoloka nyanja ndi kanthu kotero.

Ku Knysna mukakwere pa matanthwe awiri aja amene nyanja imalowera pakati pake, koma ana muwagwire dzanja. Kupitirira Plettenberg Bay mudzawoloka mlatho wa Bloukrans, wotalika mamita 216 kuchokera pansi, pamene anthu amalipira ndalama kuti adziponye atamangidwa chingwe m'miyendo. Mayi ako atamva zimenezi kwa mlongo wako anati ndikuuze kuti ukangoyerekeza, usadzawatchulenso kuti mayi. Ine ndikungowonjezera kuti munthu amene amavomera zoterozo kawirikawiri amakhala ndi mnzake pambali akumuseka kuti ndi wamantha. Ku Storms River Mouth, m'nkhalango ya Tsitsikamma, kulinso malo a boma ogonapo m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, ndi mlatho wa zingwe woyendapo ndi miyendo umene ana adzaukonde. Malo amenewa amadzaza msanga pa Disembala, choncho ulembetse panopa, usadalire kuti ukapeza pofika. Munthu amene wasowa pogona ndi amene amathera pakhomo pa mnzake amene sanafune kugonapo, kapena pambali pa msewu pamene sipayenera kugonedwa. Malo onse ndatchulawa amakoma m'mawa, mphepo isanayambe ndiponso anthu asanadzaze, ndipo bambo amene anachezera mabotolo sadzuka m'mawa. Ana amangokhala m'galimoto yotentha kudikira kuti mutu wa bambo awo uleke kuwawa.

Za nyanja ndinenenso, chifukwa ndikudziwa kuti umadzitama kuti unaphunzira kusambira kwa agogo ako ku Nkhotakota, ndipo n'zoona unkaposa anzako onse. Nyanja yamchere ndi ina. Yathu ija ikakwiya ndi mwera imaonekeratu ndipo aliyense amatuluka, koma iyo imatha kuoneka yodekha pamwamba pamene pansi pali mkokomo wa madzi obwerera kwakuya, umene umakoka munthu wamkulu madzi ali m'chiuno mokha. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, moti thanthwe limene mwakhalapo masana lingathe kumira pofika madzulo. Musambe pokhapo pamene pali opulumutsa anthu, pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, ndipo madzi akakukoka usalimbane nawo molunjika kumtunda, usambire chammbali motsata gombe mpaka atakusiya. M'magombe ambiri kumeneko mowa ndi woletsedwa, ndipo sanaletse pachabe. Mwana amamira mwakachetechete, sakuwa, ndipo amafuna maso a munthu amene sakusinza pa mchenga.

Chigawo chimene ndikuchiopa kwambiri ndi cha pakati pa East London ndi Durban, makilomita opitirira 600. Kumeneko N2 imasiyana ndi nyanja n'kulowa kumtunda. Mudzatsika mokhotakhota kukawoloka mtsinje wa Great Kei, n'kukweranso, kenako Butterworth, Dutywa, Mthatha mpaka Kokstad, musanatsikirenso kunyanja ku Port Shepstone. Ndi dera la midzi, ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi abulu zimayenda pa phula pomwepo, anthu amawoloka paliponse, nkhungu imatsika m'mapiri mosachenjeza, ndipo msewu umadutsa pakati penipeni pa matauni odzaza ndi maminibasi. Ng'ombe yakuda itagona pa phula usiku suiona mpaka utafika. Chigawo chimenechi musachiyende usiku ngakhale pang'ono, ndipo musachiyende tsiku limodzi, muchigawe pawiri. Musanafike ku Mthatha mudzadutsa pa Qunu, mudzi umene Nelson Mandela anakulira ndi kuikidwa mu Disembala 2013, uli m'mbali mwa msewu momwemo, ndipo ndi poyenera kuima n'kuwauza ana kuti anali ndani. Ngati mukufuna kupatukira ku Coffee Bay kapena ku Port St Johns, ufunsiretu eni galimoto ngati amalola kuti iyende m'misewu yafumbi, chifukwa ambiri amalemba zimenezo m'timalemba ting'onoting'ono timene munthu sawerenga posayina. Ndipo usiku wa ku East London, usiku umene m'mawa mwake mukulowa m'chigawo chimenechi, ndikukupempha ngati bambo ako kuti usalawe ngakhale dontho. Mnzako wa kumeneko akakhumudwa, umuuze kuti ndakuletsa ndine, andiimbire foni ndimufotokozere ndekha.

Usiku musanagone uzitseka gasi pa botolo penipeni, osati pa sitovu pokha, ndipo mawindo ena azikhala otsekula pang'ono. Mvula ikakupezani mukuwotcha nyama, musalowetse makala m'galimoto kuti mumalizire m'kati, chifukwa mpweya wa makala m'malo otsekeka ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo, monga zinachitikira alonda aja a kumsika amene anagona ndi mbaula m'kanyumba nthawi yozizira. Kutseka gasi ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma ndi ntchito imene munthu woti wamwa amaiwala, kapena amaganiza kuti waichita kale.

Palinso nkhani ya mapepala, imene anzako obadwira komweko sangaiganizire, koma iwe uyenera kuiganizira chifukwa ndiwe mlendo m'dziko la eni. Kuyendetsa galimoto utamwa kumeneko ndi mlandu weniweni wa kukhoti, si wongolipira chindapusa pamsewu n'kumapita, ndipo khoti likakupeza wolakwa dzina lako limalembedwa m'kaundula wa opalamula. Tsiku lokawonjezera pemiti adzafufuza kupolisi ngati uli ndi mlandu, ndiye taganiza zaka zonse zimene wavutikira mapepala amenewo, ntchito yako, sukulu ya ana, kuti zikathere pa botolo limene wamwera manyazi. Inshulansi ya galimoto yobwereka nayonso siilipira ngozi ya dalaivala amene wapezeka ndi mowa m'magazi, ndiye kuwonjezera pa dipoziti imene adzakugwira, galimoto yonseyo idzakhala ngongole yako, ndipo mtengo wake ndi wa nyumba yabwino kuno kwathu. Mayi ako akung'ung'udza kuti ndalama za ulendowu zikanakwanira matikiti a basi a nonse anayi kubwera kuno, adzukulu akanaona nyanja ya kwawo asanaone ya eni. Ndawauza kuti asiye, chaka chamawa chiliko, ngakhale mumtima ndikuona kuti sakunama.

Ndikudziwa kuti pofika apa wayamba kupukusa mutu, ukuti bambo akubwereza zomwezomwezo ngati kuti ndikadali mwana wa sekondale. Ndibwereza ndithu. Ndikudziwa kuti papita nthawi usanachitenso zopusa, apongozi anatiuza okha atabwera ulendo watha, ndipo anakuyamikira iwe palibe. Koma nthawi yonseyo unali pakhomo pako, ukudzukira kuntchito, anzako akale ali kutali. Ulendo uwu ukukutengera kwa iwo mmodzimmodzi, uli pa tchuthi, m'thumba muli bonasi, ndipo bedi lili m'galimoto momwemo lokunamiza kuti palibe chovuta, ukamwa ungogona. Kugona udzagonadi, koma kudzacha, ndipo malo otsatira adzakhala atalipiridwa kale, ana akufunsa kuti tinyamuka liti, iwe n'kudziuza kuti uli bwino.

Kukana sikufuna mawu ambiri. Ukangoyamba kufotokoza zifukwa, wapatsa mnzako poyambira kukunyengerera. Unene kuti mawa ndikuyendetsa, ndanyamula ana, basi, utenge chakumwa chozizira chikhale m'manja mwako nthawi yonse kuti wina asakupatsire botolo, ndipo udye nyama yawo ndi mtima wonse, uyamikire, useke nawo mpaka usiku. Amene angakwiye chifukwa wakana mowa pomwe wabwera ndi banja lako lonse kudzamuona pa mtunda wonsewo, ameneyo sanakondwere ndi kubwera kwako, anakondwera ndi kupeza womwa naye. M'firiji muja mukhale mkaka wa ana, madzi, zipatso ndi ndiwo, ndipo mnzako aliyense akafuna kukuikira mabotolo a panjira monga kamba, uwasiye pakhomo pake pomwepo.

Apongozi ali ndi laisensi, ndipo ndinawaona mmene amayendetsera, ndi odekha kuposa iwe. Tsiku lokatenga galimoto mupite nonse, dzina lawo lilembedwe pa mgwirizano ngati dalaivala wachiwiri, ngakhale pakhale kandalama kowonjezera, chifukwa munthu amene sanalembedwe akachita ngozi inshulansi imakana. Ayambe aizolowera pamalo opanda magalimoto ambiri musananyamuke. Ndipo akakuuza m'mawa wina kuti lero ndiyendetsa ndine, usafunse chifukwa, usakwiye, uwapatse makiyi ukakhale kumbuyo ndi ana. Kalatayi uwaonetse, usaibise, chifukwa ndikadzalankhula nawo ndidzawafunsa ngati anaiwerenga.

M'foni mwanu nonse awiri musunge 10111 ya apolisi ndi 112 ya ngozi, ndipo unditumizire ndondomeko ya malo amene muzigona usiku uliwonse kuti mlongo wako andilembere pa kalendala. M'mawa uliwonse wa tsiku loyenda, usanalize injini, undiimbire. Mauthenga olemba pa WhatsApp sindikuwafuna, amenewo uzitumizira mayi ako pamodzi ndi zithunzi. Ine ndikufuna ndizimva mawu ako, chifukwa mawu a munthu wa matsire ndimawadziwa ngakhale atangoti mwadzuka bwanji, ndipo ndikawamva ndidzapempha kuti upereke foni kwa apongozi.

Mayi ako akupereka moni, akuti ana muziwaveka zipewa chifukwa dzuwa la kunyanja limawotcha ngakhale kuli mphepo. Undiyankhe usanakatenge galimoto.

Ndine bambo ako.